Kuchotsa sensa kapena keypad yowonongeka pa alamu ya panyumba

Alamu ikayamba kumalira usiku popanda wagwira chitseko, kapena keypad, kachipangizo ka mabatani kapakhoma kotcherera ndi kumasulira alamu, ikamangoti pii pii osaleka, mtima umathamangira sikuludiraiva kuti chovutitsacho chichoke pakhoma anthu agone. Koma chikangochoka, nthawi zambiri phokoso limawonjezeka. Alamu imakana kutchera, keypad imayatsa kanyali kochenjeza, mwinanso sairini imalira pomwepo.

Chifukwa chake n'chakuti alamu si zimene mumaziona pakhomazo. Mutu wake ndi bokosi lachitsulo kapena lapulasitiki lobisidwa m'kabati, m'garaja kapena kudenga, ndipo bokosilo limasunga kaundula wa chipangizo chilichonse cholumikizidwa kwa ilo. Lili ngati mphunzitsi woitana mayina m'mawa: mwana akasamuka dzina lake osafufutidwa, aziitanidwabe tsiku ndi tsiku n'kumalembedwa kuti wajomba. Choncho ntchitoyi ili pawiri, kuchotsa chipangizo pakhoma ndi kuchifufuta m'kaundula. Amene wachita chimodzi chokha sanamalize.

Yambani mwafufuza ngati chawonongekadi

Ndayamba ndi izi chifukwa masensa ambiri, tizipangizo timene timauza bokosi chitseko chikatseguka kapena munthu akadutsa, amazulidwa alibe mlandu. Imani pa keypad muone zimene ikunena. Pa alamu za DSC zamtundu wa PowerSeries, mukadina * kenako 2 imakuonetsani nambala ya vuto: 2 ndiye kuti magetsi a m'nyumba sakufika kubokosi, 5 ndiye kuti zoni ina yasokonekera, 6 ndiye kuti chivindikiro cha chipangizo china chatseguka, 7 ndi batire la sensa yopanda waya limene latha mphamvu, 8 ndi wotchi chabe. Pa Honeywell Vista, keypad imalemba CHECK ndi nambala ya zoni, kapena imachenjeza za batire. Zoni ndi nambala imene bokosi lapatsa malo amodzi, monga chitseko chakumaso kapena mawindo onse a chipinda chimodzi. Nambalayo ilembeni papepala, muifuna kangapo.

Kenako ganizirani batire lalikulu la m'bokosi. Limakhala la 12V, kawirikawiri 4Ah kapena 7Ah, ndipo likagwira ntchito zaka 3 mpaka 5 limakhala latopa. Batire lotopa limanamizira masensa. Ngati alamu imalira magetsi akangothima kapena akaphethira, lero zoni iyi mawa zoni ina, musavutike ndi masensa, sinthani batire.

Sensa ya pachitseko ili ndi zidutswa ziwiri, maginito pachitseko ndi kaswitchi pafelemu. Chitseko chikalendewera pa mahinjesi kapena chikatupa ndi chinyezi, ziwirizi zimatalikirana ndipo bokosi limayesa kuti chitseko n'chotsegula. Tengani maginito ena aliwonse, muwagunditse pa kaswitchiko wina akuyang'ana keypad. Zoni ikatseka, sensayo ndi yamoyo, chofunika n'kusendeza maginito basi. Sensa yoona kuyenda kwa munthu, ija ya pakona pafupi ndi denga, imaona kusintha kwa kutentha, ndiye kangaude woyenda pagalasi lake, nalimata, katani logwedezeka ndi mphepo padzuwa, kapena nyerere zimene zamanga mkati kudzera pabowo la waya, zonsezi zimailiza. Kuipukuta ndi kutseka bowolo kumathetsa mavuto ochuluka kuposa kugula yatsopano. Sensa yopanda waya iyeseni ndi batire latsopano lamtundu womwewo, kaya CR123A kaya CR2032, musanaiweruze.

Keypad nayo imanamiziridwa. Ikazima yokha pamene zina zonse zikuyenda, nthawi zambiri pamakhala waya umodzi womasuka kumbuyo kwake. Ngati makeypad onse azima limodzi, vuto lili kubokosi, osati pakhoma.

Pamene mukufufuza, simufunika kugona alamu yosatchera. Zoni yovutayo mungailambalale kwa usiku umodzi: pa DSC dinani *1, nambala ya zoni ya manambala awiri monga 03, kenako #, pa Vista lembani khodi yanu, 6, kenako nambala ya zoni. Kulambalalaku kumatha mukangomasula alamu, ndiye kumafuna kubwereza usiku uliwonse. Anakupanga dala choncho kuti munthu asaiwale kuti pali khomo losalonderedwa.

Musanagwire waya uliwonse

Dzifunseni kaye kuti alamuyi ndi ya ndani. M'nyumba ya lendi ndi ya mwini nyumba. Ngakhale m'nyumba yanu, zida zina zimakhala za kampani yolondera imene munasainirana nayo pangano, ndipo kuzitsegula nokha kungaphwanye panganolo. Ngati inshulansi ya nyumba inalemba kuti pakhale alamu yogwira ntchito, kuchotsa sensa ya pakhomo lalikulu osabwezerapo ina kungadzakuvuteni tsiku lopempha chipukutamisozi.

Ngati alamu yanu imatumiza uthenga kukampani yolondera, aimbireni foni, muwauze mawu anu achinsinsi, muwapemphe aike alamu yanu pa test, ndiye kuti pa kuyesa kumene uthenga ukafika satumiza alonda, kwa maola awiri kapena atatu. Osadumpha zimenezi. Zipangizo zambiri zili ndi kaswitchi kakang'ono ka tamper pansi pa chivindikiro, ndipo kamagwira ntchito usana ndi usiku, alamu itcheredwe kapena ayi. Mukangotsegula, uthenga wapita kuti wina akuphwasula alamu, ndipo alonda kapena apolisi angabwere pachabe. Anansi nawonso auzeni kuti sairini ingalire pang'ono.

Mufunika makhodi awiri. Yoyamba ndi khodi yaikulu, ya mwini alamu, yotcherera ndi kumasulira. Yachiwiri ndi ya woika alamu, imene imatsegula kaundula uja. Pochokera kufakitale, DSC PowerSeries imabwera ndi 5555 ndipo Vista imabwera ndi 4112, koma makampani ambiri amaisintha akamaliza kuika. Yesani khodiyi musanamasule sikulufu iliyonse. Ikakana, imani pomwepo, funsani amene anaika alamuyo. Musakopeke ndi malangizo obwezera bokosi mmene linalili kufakitale, chifukwa kutero kumafufuta mazoni onse, makhodi onse ndi njira yoimbira kukampani, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse ya mmisiri.

Zida ndi zochepa: sikuludiraiva yaing'ono yosongoka ndi ina ya mtanda, tepi yamagetsi, tizolumikizira waya, tochi, mita yoyezera magetsi, ndi buku la alamu yanuyo. Nambala ya mtundu wake imalembedwa mkati mwa chitseko cha bokosi kapena pa bolodi yobiriwira, ndipo mabuku ambiri amapezeka pa intaneti ndi nambala imeneyo. Foni yanunso ndi chida: jambulani mawaya onse asanamasulidwe, pafupi kwambiri, kuti mitundu yake ndi zilembo za pa masikulufu zizioneka.

Kudula magetsi

Masulani alamu ndi khodi yanu. Zulani thiransifoma pa soketi. Zambiri zimatsitsa magetsi kufika pa 16.5V ndipo zina zimamangidwa ndi sikulufu pasoketipo. Mabokosi ena alibe pulagi, magetsi a m'nyumba amalowa mwachindunji mkati kudzera pa fyuzi. Ngati lanu ndi lotero, zimitsani pa bolodi yaikulu ya magetsi, ndipo mbali imene mawaya okhuthala amalowera musaikhudze. Mbali yokhayo m'ntchito yonseyi ndi imene ingaphe munthu. Ngati simukudziwa switchi yake, itanani wodziwa zamagetsi.

Tsegulani bokosi, musolole waya umodzi pa batire. Gwirani pachitsulo cholumikizira n'kugwedeza pang'ono pang'ono, osakoka waya. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo musanapise dzanja, ndipo sikuludiraiva isagone pamitu iwiri ya batire nthawi imodzi, chifukwa batire laling'onolo lili ndi mphamvu yotenthetsa chitsulo mpaka kukuwotchani. Keypad ikazima, bokosi lagona.

Chimodzi chimadzidzimutsa anthu apa. Masairini ena akunja ali ndi batire lawolawo, ndipo anapangidwa kuti azilira magetsi ochokera kubokosi akangoduka, poganiza kuti wakuba wadula waya. Buku la alamu limafotokoza mmene mungaitontholetsere musanadule magetsi. Ikalira musathamangire makwerero, zambiri zimasiya zokha nthawi yake ikakwana, kapena mukabwezera magetsi.

Alamu zopanda waya zoyendetsedwa ndi pulogalamu ya pafoni, monga Ajax, Ring ndi SimpliSafe, sizifuna kudula magetsi kuti muchotse sensa. Tidzazifika.

Sensa ya waya

Apa ndi pamene pamafuna kudekha kwambiri, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoni ya waya ndi njira yozungulira: magetsi ochepa amachoka kubokosi, amadutsa mu sensa, n'kubwerera. Chitseko chikatseguka, njira yaduka, bokosi ladziwa. Pa alamu zambiri, kumapeto kwa njirayi kumakhala resistor, kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga kokhala ndi mizere yamitundu. Bokosi silimangofunsa ngati njira yaduka, limayeza ngati kulemera kwa njirayo kuli kofanana ndi resistor imeneyi. N'chifukwa chake kungopota mawaya awiri pamodzi sikuthetsa vuto: bokosi limaona kuti resistor yasowa n'kudandaula. Kulemeraku kumayezedwa mu ma ohm, ndipo k ndi ma ohm 1,000. DSC imagwiritsa 5.6k, ya mizere yobiriwira, yabuluu ndi yofiira. Vista imagwiritsa 2k, yofiira, yakuda ndi yofiira. Paradox imagwiritsa 1k, yabulawuni, yakuda ndi yofiira. Resistor imeneyi ikhoza kukhala yobisala mkati mwa sensa imene mukutayayo. Ifufuzeni, muisunge.

Magetsi ali chidulire, mungatsimikize ndi mita kuti olakwa ndi sensa kapena waya. Masulani mawaya awiri a zoniyo kubokosi, muike mita poyezera ma ohm, muyeze chitseko chili chotseka. Iyenera kuonetsa nambala ya resistor, kapena pafupi ndi 0 ngati alamu yanu inaikidwa yopanda resistor. Mutsegule chitseko, mita ionetse kuti njira yaduka. Ngati ikuonetsa kuduka nthawi zonse, pitani pa sensa, lumikizani mawaya ake awiri mwachindunji, muyezenso. Nambala ikabwerera, waya ndi wabwino, sensa ndiye yafa. Ikapanda kubwerera, waya waduka penapake m'khoma kapena kudenga, mwina makoswe adya, ndipo sensa yatsopano sidzathandiza kanthu. Kuyeza kotereku musakuchite pa sensa yoona kuyenda magetsi ali odula, chifukwa kaswitchi ka mkati mwake kamatseguka kokha ikasowa magetsi, ndiye mudzaiyesa yakufa ili yamoyo.

Sensa ya pachitseko yoonekera kunja imachoka ndi masikulufu awiri. Yobisidwa m'bowo la felemu, imene mumangoona kamutu kozungulira, itukuleni pang'onopang'ono ndi nsonga ya sikuludiraiva, mutadula kaye penti yozungulira ndi kampeni. Ikatuluka, musanadule chilichonse, mangani waya ndi ulusi kapena muupinde n'kuumata pafelemu ndi tepi. Waya ukathawira m'bowo, kuutulutsa kumafuna kugumula.

Tsopano werengani mawaya amene akulowa mu sensayo, chifukwa ndi amene akuuzeni chochita.

Ngati zoniyo ili ndi masensa angapo, monga mawindo atatu a chipinda chimodzi, ndiye kuti amangidwa motsatizana pa njira imodzi. Mukachotsa wapakati n'kusiya mawaya ali padera, njira yonse yaduka ndipo mawindo enawo sakulonderedwanso. Lumikizani mawaya awiri amene anali pa sensayo ndi cholumikizira chothina bwino. Ngati resistor inali pa sensa yochotsedwayo, ikhale pakati pa mawaya awiriwo. Apa zoni simukuifufuta m'kaundula, ikugwirabe ntchito kwa mawindo otsalawo.

Ngati sensayo inali yokha pa zoni yake, njira zilipo ziwiri. Yoyenera ndi kumasula mawaya ake kubokosi, kuwakulunga tepi, kulembapo dzina la malo, kenako kufufuta zoniyo m'kaundula. Ina, imene anthu amaikonda chifukwa sifuna khodi ya woika alamu, ndi kumanga resistor pa masikulufu awiri a zoniyo kubokosi komweko. Imagwira, alamu imatchera, phokoso limatha. Koma ine sindiikonda, chifukwa kuyambira tsiku limenelo bokosi lizinena kuti chitseko chakumbuyo n'chotseka ngakhale chili pululu, ndipo pakatha chaka palibe m'nyumbamo adzakumbuke. Mukakakamizika kutero, lembani pa pepala lomata mkati mwa bokosi ndi pambali pa keypad kuti zoni yakutiyakuti ilibe sensa.

Sensa yoona kuyenda ili ndi mawaya anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi. Awiri, kawirikawiri wofiira ndi wakuda, ndi a magetsi a 12V, pa masikulufu olembedwa + ndi −. Awiri ena, pa C ndi NC, ndi a zoni. Otsalawo akakhalapo ndi a tamper. Musakhulupirire mitundu yokha, werengani zilembo za pa bolodi, chifukwa oika alamu sagwiritsa mitundu mofanana. A zoni achiteni monga tanenera. A tamper, ngati ali pa njira imodzi ndi zida zina, alumikizeni awiriwo kuti njira isaduke. Koma a magetsi musawalumikize wofiira ndi wakuda ngakhale pang'ono. Aliyense akulungidwe tepi payekha. Akakhudzana magetsi atabwerera, fyuzi ya bokosi imapsa kapena chotetezera chake chimadula, ndipo masensa onse ndi makeypad amazima limodzi. Mukapeza mawaya ofiira awiri pa sikulufu imodzi ndi akuda awiri pa inayo, ndiye kuti magetsi amapitirira kupita ku sensa ina: wofiira alumikizidwe ndi wofiira mnzake, wakuda ndi wakuda mnzake.

Mukatsegula bokosi n'kupeza mawaya a mazoni awiri pa sikulufu imodzi okhala ndi ma resistor osiyana, kapena ma resistor awiri mkati mwa sensa imodzi, ndiye kuti anaika mwanjira ina imene buku lokha lingakufotokozereni. Musalote, werengani chojambula cha m'bukumo.

Pali sensa imodzi imene sindingakulangizeni kuichotsa n'kusiya malo opanda kanthu, yomva utsi. Mabokosi ambiri salola n'komwe kulambalala zoni ya moto. Yomva utsi imafuna kusinthidwa ikatha zaka 10, tsiku limene inapangidwa limalembedwa kumbuyo kwake. Ikawonongeka, gulani yatsopano yogwirizana ndi bokosi lanu kaye, yakaleyo ichoke tsiku limene inayo ikukwera.

Sensa yopanda waya

Iyi ndi yosavuta pamanja, koma ndi imene imapusitsa anthu kwambiri. Mukaichotsa batire, alamu imangokhala chete ngati palibe chachitika, mpaka patapita maola keypad n'kuyamba kulira, kawirikawiri pakati pa usiku. Sensa yotere imatumiza kauthenga kakuti ndilipo nthawi ndi nthawi. Za Honeywell zamtundu wa 5800 zimatero pakatha ola limodzi ndi mphindi zingapo, ndipo bokosi la Vista likakhala maola 12 osamva kanthu limalengeza kuti sensa yasowa. Choncho apa yambani ndi kaundula, khoma pambuyo.

Pa alamu za pulogalamu ya pafoni, masulani alamu, tsegulani mndandanda wa zida, sankhani sensayo, lowani pa zosintha zake, mudine pochotsera. Onetsetsani kuti ndi yomweyo pofananitsa nambala ya papepala lomata kumbuyo kwake ndi imene ili pafoni. Masensa a mawindo amafanana onse, ndipo mayina amene anapatsidwa poika sakhala olondola nthawi zonse. Nthawi zambiri ndi mwini akaunti yekha amene amaloledwa kuchotsa chida.

Ikafufutika, chotsani batire, kenako mumasule pakhoma. Yomatidwa ndi tepi musaizule ndi mphamvu, imachoka ndi penti. Itenthetseni pang'ono ndi choumitsira tsitsi, mulowetse ulusi wolimba kumbuyo kwake, muzicheka uku ndi uku mpaka itasiya khoma. Mabatire ozungulira ngati ndalama yachitsulo aikeni kutali ndi ana nthawi yomweyo, ngakhale otha mphamvu, chifukwa mwana akameza limawotcha kummero m'maola ochepa.

Keypad

Musanaikhudze, yankhani mafunso atatu, chifukwa keypad zina si keypad chabe.

Kodi ilipo ina? Ngati ndi yokhayo m'nyumba, mukaichotsa mulibe potcherera, pomasulira, ngakhale polowera m'kaundula. Bokosi lidzadzuka mmene munalisiyira, ndipo likalira simudzakhala ndi politontholetsera. Gulani ina yogwirizana ndi bokosi lanu kaye. Keypad ya kampani ina sigwira pa bokosi la kampani ina, ndipo ngakhale m'kampani imodzi mitundu yatsopano ndi yakale sizimvana nthawi zonse.

Kodi ndi imene imamva masensa opanda waya? Keypad zina zili ndi cholandirira mauthenga mkati, monga Honeywell 6160RF ndi DSC RFK5500. Zilembo za RF pa nambala ya kumbuyo ndi chizindikiro chake. Mukachotsa yotere, masensa onse opanda waya ndi marimoti a pa makiyi amasanduka osamveka nthawi imodzi. Iyenera kusinthidwa ndi ya RF inzake, kapena muike cholandirira chapadera.

Kodi ndi keypad kapena ndi bokosi lenilenilo? Pa alamu zina, monga Qolsys IQ Panel ndi Honeywell Lynx, chimene chili pakhomacho ndicho zonse: mutu, sairini, batire ndi choimbira kukampani. Ngati m'nyumba mulibe bokosi lina ndipo waya wake ukungopita ku thiransifoma, kuchichotsa n'kuchotsa alamu yonse.

Mukayankha zonsezi, ntchito ya manja ndi yaifupi. Magetsi ali odula, yang'anani pansi pa keypad, mupeza timipata tiwiri kapena sikulufu imodzi. Lowetsani sikuludiraiva yosongoka, mukankhe kamano ka mkati, nkhope ya keypad itukuka kuchokera pansi. Igwireni ndi dzanja lina kuti isalendewere pa mawaya. Mupeza anayi: wofiira ndi wakuda a magetsi, wachikasu ndi wobiriwira a mauthenga. Jambulani. Ngati pali wachisanu pa sikulufu yolembedwa Z, monga zimakhalira pa keypad zambiri za DSC, ndiye kuti sensa ya chitseko chapafupi imadzera mu keypad imeneyi, ndipo ikachoka chitsekocho chatsala chopanda mlonda mpaka waya wake atapezeredwa malo kubokosi.

Mawaya akakhala anayi okha, keypad ili kumapeto kwa njira yake. Ndi bwino kuwamasula kubokosi komwe kuti m'khoma musatsale waya wamoyo. Pa DSC ali pa masikulufu olembedwa RED, BLK, YEL ndi GRN. Pa Vista 15P ndi 20P ali pa nambala 4, 5, 6 ndi 7. Masikulufu amenewa amanyamula mawaya a zida zambiri, ndiye pezani wanu ndi mita: potani wachikasu ndi wobiriwira pamodzi kukhoma kuja, kenako kubokosi muyeze gulu lililonse lomasulidwa mpaka mutapeza limene likuonetsa kulumikizana. Mukalipeza, kapotoleni aja musanabwezere magetsi. Ngati simungathe zimenezi, kulungani waya aliyense payekha kukhomako, muwapinde osiyana kutalika kuti asakumane, mutseke bowo ndi chivindikiro chopanda kanthu. Musadule waya mpaka pakhoma penipeni, tsiku lina mudzamufuna.

Mawaya akakhala asanu ndi atatu, awiri pa sikulufu iliyonse, njira imapitirira kupita ku keypad ina kapena chida china. Lumikizani mtundu ndi mtundu, gulu lililonse pa cholumikizira chake.

Kufufuta m'kaundula

Bwezerani magetsi. Pa DSC yambani ndi batire kenako thiransifoma, bokosi silidzuka ndi batire lokha. Pa mitundu ina tsatirani buku. Manambala amene ndikutchula apa ndi a DSC PC1616, PC1832 ndi PC1864, komanso Vista 15P ndi 20P. Mitundu ina, ngakhale DSC Neo, ili ndi ake.

Pa DSC dinani *8 ndi khodi ya woika alamu. Kaundula ali m'magawo amene mumalowa polemba nambala yake: gawo 001 lili ndi mazoni 1 mpaka 16, gawo 002 lili ndi 17 mpaka 32, zoni iliyonse manambala awiri motsatizana. Musanasinthe, lembani zimene zilimo, chifukwa mukadumpha malo amodzi mwasintha zoni ya mnzake, ndipo chitseko chakumaso chingasanduke cholira nthawi yomweyo osakupatsani mpata wolemba khodi. Pa zoni yochotsedwayo ikani 00. Ngati inali yopanda waya, lowani gawo 804, sankhani nambala ya zoni, mulembe 000000 pamalo a nambala ya sensa. Ngati munachotsa keypad, lowani gawo 902, mudikire mphindi imodzi: bokosi limawerenganso zida zimene zilipo n'kuiwala yosowayo. Tulukani ndi #.

Pa Vista lembani khodi ya woika alamu kenako 800, mudine *56, mulembe nambala ya zoni. Pamtundu wa zoni ikani 00, ikufunsani ngati mukufuna kufufuta, muvomere ndi 1. Izi zimafuna keypad yolemba mawu monga 6160. Pa ya manambala okha simuona mafunso, ndiye musayese mwakhungu. Potuluka dinani *99. Musadine *98, imatseka khomo kotero kuti khodi ya woika alamu siyikulowetsaninso mwanjira ya masiku onse. Keypad za Vista zili ndi ma adiresi, manambala amene bokosi limazindikirira keypad iliyonse, 16 mpaka 23, ndipo yatsopano iyenera kutenga adiresi ya yakaleyo kapena ina yotsegulidwa imene palibe ikuigwiritsa. Ziwiri zikakhala pa adiresi imodzi zonse zimasokonekera.

Kenako yesani, alamu ikadali pa test kukampani. Konzani wotchi, chifukwa mabokosi ambiri amaiwala nthawi magetsi akaduka: pa DSC ndi *6, khodi yaikulu, kenako 1, pa Vista ndi khodi yaikulu, # ndi 63. Onani ngati nyali yochenjeza yazima, podziwa kuti chenjezo la batire lingatenge nthawi kuti lichoke lokha. Tsegulani chitseko chilichonse ndi windo lililonse, makamaka aja amene anali pa zoni imodzi ndi sensa yochotsedwa, muone ngati keypad ikutchula zoni yolondola. Masensa oona kuyenda apatseni mphindi imodzi kapena ziwiri kuti akhazikike magetsi atabwerera. Ambiri opanda waya amapuma pafupifupi mphindi 3 akatumiza uthenga kuti asunge batire, ndiye tulukani m'chipindamo, dikirani, mulowenso. Pomaliza tcherani alamu, mutsegule chitseko dala, sairini ilire, mumasule ndi khodi. Imbirani kampani muwafunse mazoni amene alandira, muwauze zoni imene yachoka kuti nawonso akonze kaundula wawo, kenako achotse alamu pa test.

Ngati sensa yochotsedwa inali yopanda waya, yang'ananinso keypad mawa lake, maola aja a kudikira atadutsa. Ikakhala chete ndipo nyali yochenjeza ili yozima, bokosi laiwaladi. Ikalemba CHECK kapena vuto la zoni yomweyo, nambala ya sensa yatsalira penapake m'kaundula, bwererani ku gawo 804 kapena *56 mukaione.